Tsiku Limene Tinawatsitsa a Nangondo pa Njinga

Lachinayi lapitali chakwana chaka chimwalirire a Nangondo. Pamdadada pathu pano palibe wakumbuka, ngakhale alandilodi amene ankabwereka singano kwa iwo tsiku ndi tsiku. Ine ndakumbuka chifukwa ndili ndi mlandu. Mayi amene uja anapita osafika pamanda a mwana wawo mmodzi yekhayo, Limbani, manda amene ali konkuno ku Kawale, ulendo wa theka la ola kwa munthu wa miyendo. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akufuna chinthu chimodzi chokha, kukagwira dothi la pamanda a mwana wawo ndi dzanja lawo. Sanaligwire. Ndipo mmodzi mwa anthu amene anachititsa zimenezi ndi ine.

Pamene ndinkalowa nyumba yoyandikana ndi yawo, ndili ndi mwana wanga Tiya kumsana, ndinawapeza ali kale pa njinga ya olumala. Msana unathyoka pangozi ya matola akuchokera kokaoda nyemba kwawo ku Ntchisi, miyendo n'kufa. Nkhani imeneyo sankaikonda. Ukawafunsa ankangoti lole inagona, ena anadzuka, iwo sanadzuke, basi, kenako n'kukutuma kuti uwapatsire ulusi. Anali mayi wathupi, wakuda bii, mapewa otambalala ngati a onyamula matumba kumsika, m'manja mokakala chifukwa chopalasa matayala. Ankakhala pakhonde kuluka zipewa ndi majuzi a ana, tomato ndi anyezi zili pabenchi pambali pawo. Mawu ndiye musanene. Akaitana mwana mmodzi ali kumpopi, ankayankha ana a mdadada wonse.

Anthu ankati ndi aukali. Ee, anali aukali, sindikana. Koma inu mukanakhala pa njinga ija sabata imodzi yokha m'misewu ya kuno, mukanaluma munthu.

Tsiku lina tikudikira kuwoloka msewu ku Mchesi, bambo wina wa tayi anaponya ndalama pamiyendo pawo, osawayang'ana n'komwe. A Nangondo anamuitana ndi ulemu wonse.

“Achimwene, mwagwetsa ndalama.”

“Ayi mayi, ndakupatsani.”

“Ndinakupemphani?”

Bambo uja anasowa poyang'ana. Iwo anamuuza kuti ngati ndalamayo ikumuyabwa m'thumba agule chipewa cha mwana, ndipo anatulutsa zitatu m'jumbo kuti asankhepo. Anagula munthu wamkulu, thukuta lili pamphuno.

M'golosale kapena kuchipatala, anthu ankayang'ana ine wokankha n'kufunsa kuti amayiwa akufuna chiyani. Iwo ankayankha okha kuchokera pansipo: “Afunseni, ali pompano, amamva.” Makondakitala akationa pasiteji ankayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Wina akaima mwangozi, ndiye mumve: “Masteni, ngolo yanuyo ilipira mipando iwiri.” Iwo ankamufunsa ngati miyendo yakeyo nayonso imalipira. Minibasi inkanyamuka, ife n'kutsala ndi fumbi, iwo akuseka koma m'maso muli gwaa. Mlaliki wina wa pamsika anawagwira pamutu osawapempha, n'kuyamba kufuula kuti dzuka uyende, mpaka anthu kusonkhana. Anamudikira amalize, malovu akuwagwera pampango. Atamaliza anamupempha kuti poti kudzuka kwakanika, awathandizeko kuwoloka ngalande imene inali patsogolo pawo. Mlaliki uja anati akuthamangira kwina.

Koma chimene chinkawadya kwambiri sichinali chipongwe cha makondakitala. Ankati munthu wamkulu akakhala pampando, wamng'ono amanjuta kuti alankhule naye, ndiwo mwambo umene tonse tinakula nawo. Koma mpandowo ukangokhala ndi matayala, aliyense amakuimirira pamutu, ngakhale mwana wobadwa dzulo, iwe n'kumayankhula ndi lamba wake. Ankatinso njinga ija ndi thupi lawo. Osaikankha usanafunse, osaiyedzamira, osaikapo jumbo lako. Mayi wina anakolekapo ambulera kumbuyo ali pamzere wa kuchipatala, ambulerayo inakagwera pakhomo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankafunika kuuzidwa zimenezi, Limbani. Anali bambo wa ndevu zake, wowotcherera zitsulo ku Mchesi, wosakonda kulankhula, koma akafika pakhonde ankanjuta pambali pa tayala n'kumacheza ndi mayi ake maso ndi maso. Njinga imene anapatsidwa kuchipatala inali ya pasimenti, kuno inakathyoka mwezi usanathe. Limbani anaikonza yekha, n'kuikamo matayala a njinga yakapalasa, zitsulo zolimba pansi, ndi kabokosi ka ulusi kumbali. Ndi iyenso anaphwanya sitepe ya pakhomo n'kuwaka potsetsereka, alandilodi akulalata kuti mwandionongera nyumba. A Nangondo ankati miyendo yoyamba anawapatsa ndi Mulungu, yachiwiri anawapatsa ndi mwana wawo.

Limbani atamwalira, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linali la kumanda. Tinkanyamuka awirife dzuwa lisanakwere, ine tsache ndi kakhasu pamutu, iwo akupalasa okha pamene pali pabwino, ine kukankha pokwera ndi pamchenga. A kabaza ankatiimbira mabelu kuti tichoke m'njira, ngati kuti pali kwina kothawira pakati pa galimoto ndi ngalande. Tikafika, ulendo wawo unkathera pansi pa mtengo wa malaina umene uli m'mphepete mwa manda. Kupitirira pamenepo n'kosatheka. Manda a m'tauni mumawadziwa, mitumbira ndi ziliza zogundana, tinjira take toti phazi limodzi patsogolo pa linzake. Limbani ali mkati ndithu, kuseri kwa ziliza zazitali za anthu a ndalama.

“Amake Tiya, mukafika mukaime kumutu kwake, mukakweze tsachelo. Ndione pamene ali.”

Ndinkakweza tsache. Iwo ankasuzumira, khosi kutalika, manja atagwira matayala. Kenako ndinkasesa, n'kuzula udzu, ndikufuula kuwauza zimene ndikuona, kuti mtumbira watitimira pang'ono chakumiyendo, kuti mtanda wachita dzimbiri, kuti wina wasiyapo botolo. Iwo ankafuulanso kundilangiza, osapalira kwambiri, mumukanda mwana wanga. Anthu obwera kudzaona manda a abale awo ankatiyang'ana ngati amisala. Ena ankapatuka kukawasiyira ndalama pansi pa mtengo paja, poganiza kuti apeza malo abwino opemphera. Kumeneko sankayankha munthu. Ankangoisiya ndalamayo igwe pansi.

Ndinakangana nawo kambirimbiri pa nkhani imeneyi, chifukwa inenso mtima wanga ndi waufupi. Ndinkati mayi, bwanji amuna anga ndi alamu anga akuberekeni, mukafike, mulire, zithe? Mukudzizunza chifukwa chiyani?

“Munanditsitsapo kamodzi,” anatero osandiyang'ana. “Pamaso pa anthu sindidzatsikanso pa njingayi.”

Tinayesapo kuwanyamula ndi njinga yomwe, amuna anayi. Sitinapite patali. Mmodzi anaponda pamanda akale, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo, njinga n'kupendekeka. A Nangondo anakuwa kuti tiwabweze. Sikuti ankaopa kugwa ayi. Anati pamene mwapondapo pagona mwana wa mnzanga, nayenso ali ndi amake. Ulendo wina ndinatapa dothi la pamanda paja m'manja n'kuwabweretsera pamtengo, ndikuganiza kuti ndachita zanzeru. Anabisa manja m'khwapa.

“Kabwezeni pamene mwalitenga. Ine sindinatume munthu kuti andibweretsere mwana wanga m'manja ngati mchere.”

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndinawakankha njira yonse osalankhula. Koma ndinalibe pakamwa powatsutsa, chifukwa ndinkadziwa kumene zinachokera. Tsopano ndinene za tsiku lenilenilo, ndalizungulira mokwanira.

Limbani anadwala masiku anayi okha, mwezi wa Januwale, mvula ili pachimake. Alongo awo a mayiwa, a Lufeyo, amene ndi mwini mbumba, anabwera kuchokera ku Ntchisi atakonza kale zoti thupi lipite kumudzi. A Nangondo anakana kwamtuwagalu. “Kumudziko ndizikafika bwanji ine? Agone konkuno, ndizikamuona.” A Lufeyo anagonja, koma mokwiya.

Thupi litafika kuchokera ku mochale m'mawa, amayi tinadzaza pabalaza, tonse pansi monga mwa mwambo, mipando itatulutsidwa kwa abambo panja. A Nangondo okha ndi amene anali pamwamba, pa njinga yawo, pafupi ndi bokosi. Ndinaona amayi akuyang'anana. Kenako mkulu wa amayi a kumpingo kwathu, mayi wabwino ndithu, wosafunira munthu choipa, anawayandikira n'kuwauza kuti namfedwa sakhala pampando, amalira ali pansi pambali pa mwana wake, komanso njingayo ikutchinga olowa.

“Ndisiyeni momwemu,” anatero a Nangondo. Mawu aja anali atatha ndi kulira, munthu sukanakhulupirira kuti ndi iwo.

“Ayi mayi, anthu ationa bwanji? Amake Tiya, gwirani miyendoyo.”

Ndinagwira. Mulungu andikhululukire, ndinagwira. Ine amene ndinkadziwa malamulo a njinga ija kuposa munthu aliyense m'nyumba muja, ndinaopa kuoneka wamwano pamaso pa akuluakulu. Tinawakhazika pamphasa. Njinga inadutsa pamwamba pa mitu yathu, dzanja ndi dzanja, mpaka panja. Inakathera kuseri kwa mdadada winawo kumene amayi ankaphika, ndipo iwo ataona chinthu cha matayala chili chabe, anayamba kutengerapo zigubu za madzi kuchokera kumpopi.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anachuluka zedi, anzake a Limbani a ku Mchesi, makasitomala, a mpingo, balaza laling'ono ngati lija. A Nangondo ataona nkhope ya mwana wawo, tinawakokera kuchipinda ndi mphasa yomwe kuopa kuti angapondedwe. Ndi ine ndinawauza kuti tibwera tidzakutengeni. Ndi inenso ndinakankhira chitseko.

Bokosi linatuluka. Abusa atangotsegula Baibulo, kunachita mdima, mvula n'kukhuthuka ya matalala. Ulaliki unadulidwa pakati. Uthenga unabwera kuchokera kwa adzukulu woti dzenje layamba kulowa madzi, fulumirani. Ndiye chipwirikiti chake! Bokosi mu lole, amayi kulimbirana kukwera, ena kuthamanga wapansi zitenje zili kumutu. Ine ndinkayesa kuti abale a ku Ntchisi awakweza m'kagalimoto kamene kanali kutsogolo. Abale a ku Ntchisi ankayesa kuti ali ndi ife amayi a mpingo. Ndikanena zoona, sindinaganize n'komwe. Maganizo anga anali pa kupeza malo mu lole.

Kumanda zonse zinayenda mothamanga. Adzukulu anakwirira, n'kuumba mtumbira, mvula ikuwamenya pamsana. Kenako wotsogolera mwambo anakweza mawu.

“Tsopano tiitane mayi a malemu adzaike nkhata yawo.”

Zii. Anabwerezanso. Anthu anayamba kucheuka, uyu kuyang'ana uyo. Apo m'pamene ndinakumbukira chitseko chimene ndinakankhira chija. Ndinamva wina akunong'ona kuti mlamu wawo wa ku Ntchisi angoika m'malo mwawo, anthu akunyowa. Sindinadikire kuti ndione. Ndinataya ambulera n'kuthamangira kunyumba, matope mpaka m'mawondo.

Ndinawapeza panja, pafupi ndi mpanda wa kumsewu, atagona chafufumimba m'matope. Anali ataitana mpaka mawu kutheratu, koma mvula ya pamalata inameza zonse, ophika aja sanamve kanthu. Ndiye anadzikoka ndi zigongono kuchoka kuchipinda, kudutsa pabalaza, kutsika potsetsereka paja, kudutsa pabwalo ponse. Chitenje chinatsala pakhomo. Zigongono zinali magazi okhaokha. Mayi wolemekezeka ngati uja, ali ndi pitikoti yokha, akukwawa kulondola maliro a mwana wake. Sankalira. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

“Mwamuika?”

“Ee, mayi.”

“Ndibweretsereni njinga yanga.”

Ndinakaipeza ili ndi zigubu ziwiri pampando, kabokosi ka ulusi kadzadza madzi.

Patapita masiku, mkulu wa amayi uja anabwera ndi shuga ndi sopo kudzapepesa. Anati mayi, ndi Satana amene anasokoneza tsiku lija. A Nangondo anamuyankha kuti Satana sanawagwire miyendo, ndipo shugayo akamwere tiyi kwawo. Kutchalitchi anasiya kupita. Kale ankayambitsa nyimbo pamaliro a m'dera lonse lino ali pakhomo la siwa, koma kuchokera tsiku limenelo sindinawamvenso akuimba. Ine anakhala miyezi itatu osandilankhula. Ndinkapereka moni, iwo n'kumawerenga maso a ulusi. Tomato ndinkakagula kumsika, kudutsa benchi yawo ndi manyazi. Ndinkalakalaka akananditukwana, koma ayi ndithu. Kenako Loweruka lina m'mawa ndikutsuka mbale ndinangomva, “Amake Tiya, muli ndi tsache?” Umenewo ndiwo unali ulendo wathu woyamba wa kumanda. Za kukhululuka sanatchulepo, ndipo ine sindinafunse.

Zaka zomalizira thupi linayamba kuwakana. Mapewa aja anagwa, zilonda za pokhalira zinkavuta kupola, njinga nayo inkalira paliponse poti woikonza anali atapita. Amisiri ena ankangoigwira mwaulesi. Komabe Loweruka lija sankaliphonya. Ulendo wotsiriza ndinawakankha njira yonse, manja awo ali pamiyendo. Pobwerera anandiuza kuti poti alephera kufika ali moyo, tidzawaike pafupi ndi Limbani, ngakhale kumiyendo kwake. Anati nthawi imeneyo tidzawanyamule mmene tingafunire, sadzakana.

Chifuwa chinawatenga m'nyengo yozizira, kuchipatala, ine ndili pambali. A Lufeyo anafika tsiku lomwelo ndi lole. Ndinawagwadira pabwalo pompaja n'kuwauza mawu amene mlongo wawo anasiya.

“Mayi, inu ndinu ndani pabanja pano?”

“Ndine woyandikana nawo nyumba, bambo.”

“Ndiye zikomo potisamalira mlongo wathu. Mwana tinamutaya m'tauni chifukwa cha makani ake. Iyeyu ali ndi kwawo.”

Ndinayang'ana amayi anzanga kuti wina andithandize. Onse anaweramitsa mitu. Nanenso ndinakhala chete, kachiwiri. Tinakawaika ku Ntchisi, pafupi ndi makolo awo, kutali ndi mwana wawo. Njinga anaimangirira chadodolido pamwamba pa nkhuni mu lole, ndipo inatsala komweko. Sindikudziwa kuti ikunyamula chiyani masiku ano.

Lachinayi lija ndinapita ndekha kumanda kukasesa kwa Limbani. Ndinapeza amisiri atatu akumanga chiliza kupitirira pang'ono pamene iye ali. Anali atayala matabwa kuchokera pamtengo wa malaina mpaka pamene ankagwira ntchito, atawakhazika pa njerwa zosanjikiza m'mipata ya pakati pa manda, moti thabwa linkadutsa pamwamba osakhudza mtumbira wa munthu. Wilibala yodzaza simenti inkayenda pamenepo bwinobwino, kudutsa pambali penipeni pa mtanda wa Limbani. Ndinaima ngati chitsiru, tsache lili m'manja. Kenako ndinamufunsa wamkulu wawo, bambo wa imvi.

“Pepani bambo, kodi njinga ya olumala ingadutse pamenepa?”

Anayang'ana matabwa aja, n'kupukuta manja pa ovolosi.

“Bwanji osadutsa, mayi? Timangoyala mizere iwiri. Timalowetsa miyala yolemera kuposa munthu. Ndi kantchito kochepa, ngakhale panopa tikhoza. Alipo wofuna kudutsa?”

Zaka zisanu ndi chimodzi! Amuna anga, alamu anga, mpingo wonse, anzake a Limbani amisiri a ku Mchesi, ine mwini wokweza tsache, tonse nzeru yathu inali yowanyamula basi. Palibe ngakhale mmodzi anaganizapo za thabwa. Ndinamuyankha bambo uja kuti ayi, palibe, ndipo anabwerera ku simenti yake.

Ndinatuluka poyenda pa matabwa omwewo mpaka pamtengo. Pamene inkaima njinga ya a Nangondo pamera chisoso chofika m'mawondo, pali mapepala a simenti ong'ambika ndi chigubu cha amisiri. Mthunzi ulipo wabwino, wopanda woukhala. Pa thunthu la mtengowo anayedzekapo matabwa anayi aatali amene anatsala, osowa ntchito.